Chilimwe Chimene Nyumba ya Bwana Inasanduka Hotela

Fungo la penti yatsopano limandibwezera ku esteti ina ya fodya kufupi ndi Chulu, kumene ndinabadwira. Chisanafike chilimwe chimenecho, mphuno zanga zinkangodziwa fodya: wamuwisi amene ankatisiyira phula lakuda m'manja, ndi wouma wa m'zigafa amene ankatiyetsemulitsa mpaka misozi. Bambo anga anali tenanti. Anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe ali mnyamata, ndipo ine sindinkadziwa mudzi wina koma mzere wa tinyumba taudzu kuseri kwa zigafazo.

Pakamtunda panali nyumba ya bwana. Anaimanga mzungu wina kalekale, ya njerwa zootcha, ndi khonde lozungulira mbali zonse. Mzunguyo atapita, nyumbayo inagwa m'manja mwa munthu wina wamkulu m'boma, amene ankabwera pa Khirisimasi pokha. Iye atamwalira ana ake anaikhoma, mileme n'kudzaza kudenga. Ife tinkalimabe, ndipo mabelo a fodya ankapita kwa anthu amene sitinawaonepo. Ndinkakonda kusuzumira pazenera, kuona mipando yofunditsidwa nsalu zoyera, mtima wanga n'kumati nyumba imeneyi ndi yathu, kungoti sitigonamo.

Chaka chimenecho, fodya atangopita ku okushoni, kunabwera galimoto yoyera. Munatuluka mayi wina wa ku Lilongwe, wonunkhira bwino, dzina lake Mayi Chimbalanga. A Banda, kapitawo wathu, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Malo ano ndagula ndine," anatero mayiyo. "Fodya watha ntchito. Pano pakhala hotela, ndipo hotela imafuna anthu. Musade nkhawa, palibe amene achoke."

Bambo anakhulupirira. Iwo ndi anzawo anagwetsa zigafa ndi manja awo omwe, kenako anawapatsa mapiki kuti akumbe dziwe losambiramo kutsogolo kwa khonde. Dzuwa linali la mu Okutobala, nthaka yofiira itauma ngati mwala, ndipo piki inkalira ngati yamenya chitsulo. Mayi anga ankasenza madzi a amisiri mu ndowa, khosi lawo litatupa. Madzulo Bambo ankaviika manja a matuza m'madzi amchere, koma ankaseka. "Ndikakhala wosamalira maluwa pano, iwe Esinati uzipita kusukulu utavala nsapato," ankandiuza.

Kwa ine inali nyengo yokoma. Makoma anayera, malata atsopano ankathobwa m'maso, ndipo amisiri ankandipatsa zitini za penti zopanda kanthu. Ndinkakhala m'mphepete mwa dzenje lija miyendo ili lendelende, kuganizira tsiku limene lidzadzaze madzi.

Kumunsi kwa nyumbayo kunali kasupe wosaphwa, ndipo pambali pake panali kamsitu ka manda a matenanti. Mchimwene wanga Madalitso anagona kumeneko. Anamwalira ndi malungo asanayambe kuyenda. Panalibe chiliza, koma Mayi anazungulizapo miyala yoyera, ndipo akapita kotunga madzi ankaima pang'ono chakumeneko, ndowa ili pamutu.

Tsiku lina m'mawa tinapeza zikhomo ndi chingwe zitazungulira kasupeyo pamodzi ndi kamsitu. A Banda anati pamangidwa nyumba ya spa, kumene alendo azikasamba madzi ofunda ndi kutikitidwa minofu.

"Nanga ana athu ali pamenepawa?" Mayi anafunsa.

A Banda anayang'ana pansi. "Ogulitsa malo sanatchule za manda, amayi. Ine ndangotumidwa."

Anthu a m'midzi yozungulira anali ndi mafumu owalankhulira. Ife matenanti tinalibe. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi napita kukhonde, ine ndikuwatsatira. Anagwada pa sitepe yapansi, chipewa chili m'manja, nafotokoza mwaulemu. Mayi Chimbalanga anamvetsera ndithu, nkhope yawo ikuoneka yachisoni.

"Pepani, bambo. Sitifukula aliyense," anatero. "Tingosalaza n'kudzala kapinga. Pakhala paukhondo kuposa mmene palili."

Thirakitala inabwera Loweruka. Inazula mitengo, n'kukankhira miyala ya Mayi m'chigwembe pamodzi ndi zitsa. Mayi sanalire. Anaima padzuwa mpaka fumbi litakhazikika, kenako anayendayenda pamalo osalalawo, kufunafuna pamene panali mwana wawo. Ankaima apa, n'kusuntha, n'kuimanso apo. Sanapapeze. Kuyambira tsiku limenelo sanasenzenso madzi a amisiri, koma Bambo anapitirizabe kukumba, poti anali atalonjezedwa.

Dziwe linatha mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana. Analimata timatailosi tabuluu tosalala ngati mbale. Sabata yomweyo kunabwera anyamata ndi atsikana a m'tauni, ovala mayunifolomu, olankhula Chingerezi, kudzayamba ntchito pahotelapo. Ndipo a Banda anayenda khomo ndi khomo kunena kuti tinyumba tathu tikuipitsa malo, lole ibwera Lolemba.

Inatitula pa Kasungu boma, mvula ikuwaza pa mphasa ndi mapoto athu. Ku Phalombe kunalibenso munda wa Bambo. Anatha moyo wawo akusenza matumba a chimanga pamsika, ndipo dzina la esteti ija sanalitchulenso.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndinapitako kamodzi ku hotela ija ku msonkhano wa ntchito. Pakhoma pafupi ndi khomo analembapo mbiri ya nyumbayo: mzungu amene anaimanga, bwana amene anakhalamo, mayi amene anaiukitsa. Za ife palibe. Anzanga anapita kukatikitidwa ku spa, ine ndinati mutu ukundipweteka.

Tsiku losamuka lija ndinalira kwambiri pa lole, ndipo Mayi anandikumbatira poganiza kuti tikulira chimodzi. Koma ine ndinkalira chifukwa sindinaone dziwe litadzaza madzi. Ndinkaganiza kuti pachitika kusamvana chabe, kuti mayi wonunkhira uja akadzazindikira adzatiitananso. Panopa ndimadziwa kuti panalibe kusamvana kulikonse. Anatisunga mpaka dzenje litakumbidwa, ndipo tsiku lotichotsa ankalidziwa kale pamene ankatilankhula pansi pa mango paja.