Tsiku Lomwe Lusungu Anakana Kutaya Mankhwala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anawasamutsa kuchoka kwathu ku Dedza kupita ku Mlare, m'boma la Karonga. Ndikukumbukira kutentha kwake, kondowole, nsima ya chinangwa yokakamira m'zala, ndi manyazi omwe ndinkamva anzanga akatembenukira ku Chitumbuka ine ndili pomwepo. Mmodzi yekha ndiye ankabwerera ku Chichewa chifukwa cha ine. Dzina lake anali Lusungu, mtsikana wamtali amene ankakhala yekha pabenchi ku Sande sukulu. Ankadwala khunyu, ndipo ana ankauzidwa kuti malovu ake akakukhudza nawenso uyamba kugwa. Pabenchi pake panali malo, ine ndinalibe mnzanga. Ubwenzi wathu unayamba choncho.

Chaka chimenecho tinkaphunzira za aneneri a m'Baibulo. Ine ndinkangoloweza mayina kuti ndiziyankha bwino mafunso, koma Lusungu ankawatenga ngati abale ake. Tikapita kunkhuni ankandisimbira za Yeremiya, amene anaponyedwa m'chitsime cha matope chifukwa chokana kunena zokomera akuluakulu, ndi za Habakuku, amene anafunsa Mulungu chifukwa chake ankangoonerera zoipa. Kapempheredwe kake kankandiopsa. Ine ndinazolowera kutsinzina, kunena mawu oloweza, n'kuthamangira pa ameni. Iye ankapemphera akumanga mtolo, maso ali otsegula, ngati akudandaulira malume ake.

"Chiuta, sabata ino ndagwanso pamaso pa anthu. Munali kuti? Ine sindikusiyani, koma mundiyankhe."

Nditamufunsa ngati sankaopa kulankhula motero, anaseka. "Tadala, mawu osalala okhaokha timalankhula ndi mlendo. Uyu ndi wakwathu."

M'chilimwe kunabwera munthu wodzitcha mneneri, wa suti yoyera ndi zimkuzamawu zomveka mpaka kumsewu. Anachititsa msonkhano pabwalo la mpira. Amayi anga, amene anali atapita padera kangapo ndipo ankalakalaka mwana wina, sankaphonya tsiku. Sindikuwaweruza. Munthu akamva ululu amagwira chilichonse chomwe chili pafupi.

Masana ena mlendoyo anaitana odwala kuti abwere kutsogolo, ndipo azimayi ena anakankhira Lusungu pakati. Mneneriyo anamugwira pamutu, kumugwedeza, kukalipira chiwanda mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Kenako analengeza kuti mtsikanayo wachira. Pambali panali beseni momwe anthu ankaponyamo zithumwa ndi mankhwala akuchipatala kuti zikatenthedwe. Analoza pakona ya chitenje cha Lusungu, pomwe ankamangapo mapilitsi ake.

"Masula, uponye umu. Onetsa chikhulupiriro chako."

"Yayi," anakana Lusungu m'Chitumbuka.

Chimkuzamawu chinatola liwu limenelo n'kulimwaza bwalo lonse. Mneneri uja anabwereza, mokweza tsopano. Lusungu anafumbata mfundo ya chitenje chake, n'kuyankha m'Chichewa chake chopendekera, pang'onopang'ono, kuti mlendoyo amve bwino.

"Ndinapempha Mulungu kuti andithandize, ndipo anesi anandipatsa awa. Ndikasiya kumwa ndimagwera pamoto. Ngati Iye wasintha maganizo andiuza yekha, pakuti timalankhulana tsiku lililonse."

Anthu anang'ung'udza. Mwamunayo anati si mwanayo amene akulankhula koma chiwanda, ndipo aliyense woima pafupi naye achitenga. Anthu anabwerera m'mbuyo, fumbi n'kuti kobo, mnzanga n'kutsala yekha pakati padzuwa. Amayi anandigwira dzanja zolimba. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Koma ndinayang'ana Lusungu, ndipo ndinadziwa kuti mawu omwe tinkauzana kunkhuni aja, ngati anali oona, anayenera kukhala oona pabwalo limeneli. Ndinapotokola dzanja, n'kudutsa pamtetete paja, n'kukaima pambali pake. Tinatuluka limodzi anthu akutipatukira ngati tanyamula njuchi.

Kunyumba Amayi anathyola kamtengo ka bwemba. Ankati akandikwapula n'kuima, n'kundiuza kuti mawa ndikagwade pamaso pa munthu wa Mulungu ndikapepese.

"Amayi, ndimenyeni, ndine mwana wanu. Koma kupepesa kokha ayi."

"Iwe ukudziwa zambiri kuposa mneneri?"

"Sindikudziwa zambiri. Koma aneneri omwe tikuphunzira ankaopseza mafumu. Uyu akuopseza mwana wodwala."

Bambo anangoti, "Zakwana." Amayi anataya kamtengo kaja n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akulira, ndipo kulira kwawoko kunandipweteka kuposa mikwingwirima. Komabe mmawa sindinapite kukagwada.

Mlendo uja ananyamula zimkuzamawu zake n'kulowera kwina. Patapita masabata angapo, Lusungu anagwa pamjigo. Mankhwala ankachepetsa kugwako koma sankakuthetseratu. Ndowa yake inagubuduzika, iye n'kuyamba kuphupha m'matope. Azimayi anakokera ana awo kutali, wina n'kunena kuti, "Mwaona malipiro a mwano?" Ndinachita zomwe iye mwini anandiphunzitsa: kuchotsa miyala pafupi, kuika chitenje kunsi kwa mutu wake, kumugoneka cham'mbali. Thovu linayenderera pamkono wanga. Ndipo pamenepo, kwa nthawi yoyamba, ndinapemphera ndi mawu anga, mokweza, mtima utadzaza ndi ukali.

"Mulungu, uyu anakuimirani pamaso pa anthu onse. Inu mukumusiya bwanji m'matope? Sindichoka pano, ndipo Inunso musachoke."

Amayi anali pamzere wa otunga madzi pamjigopo. Anaima nthawi yaitali, ndowa ili m'manja. Kenako anabwera, n'kugwada m'matope momwemo, n'kuviika nsonga ya mpango wawo m'madzi, n'kuyamba kupukuta nkhope ya Lusungu. Lusungu atatsitsimuka, ine ndi Amayi tinamuperekeza kwawo, wina mbali iyi wina mbali inayo.

Lusungu sanachire mozizwitsa. Lero amagulitsa mpunga pa Karonga boma, ali ndi ana ake, ndipo mapilitsi akumwabe. Ine ndikamva munthu akudzitcha mneneri, sindifunsa kuti waona masomphenya otani. Ndimayang'ana kumene amaima pamene wofooka akukankhidwira kunja. Ndazindikiranso kuti pemphero silikula chifukwa cha kusalala kwa mawu. Langa linakula chifukwa Mulungu anandipatsa mnzanga amene sankamunamiza Iye ndipo sankalola kunamizidwa m'dzina lake. Ena mpaka lero amati unali mwano wa ana. Anene zimenezo. Ine Mulungu ndinamudziwira pamenepo, ndipo kupepesa kuja sindinapepesebe.