Soya wa Pansi pa Mabulugamu

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, mu Febuluwale wa chaka chimene mwana wanga anayamba kuyenda. Alangizi a zaulimi anatsika pa njinga ataona soya wanga ali wachikasu. Soyayo ndinadzala chifukwa ku sikelo ku Mtakataka anandiuza kuti mwana sakukwera, azidya phala la soya.

Alangiziwo anazula soya wina pakati pa munda, nasasa dothi. Kumizu kunali timibulu tambiri. Anaphwanya kamodzi ndi chikhadabo, mkati munali mofiira. Kenako anazula wina chakumalire, pansi pa mabulugamu a amalume anga. Mizu yake inali yosalala, yopanda kanthu.

"Mayi, muzu wa soya umatulutsa timadzi toitanira tizilombo tosaoneka ndi maso," anatero. "Tizilomboto tikabwera timakhala m'timibuluti, n'kumadyetsa mbewu ngati feteleza. Koma masamba a bulugamu akamawola amasiya ululu wake m'dothi, tizilomboto sitikhala bwino. Ndiye palinso mthunzi. Mitengoyi ndi ya ndani?"

Ndinawauza kuti ndi ya amalume. Mundawo ndi waung'ono, mbali yaikulu ili komweko kumitengo, ndipo anandigawira ndi amalume omwewo.

Chakumadzulo ndinapita kwawo, mwana kumsana, mizu ija m'manja. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinagwada chapatali.

"Wandibweretsera ndiwo zanji, udzu?" anatero akuseka.

"Ayi amalume, akuti mitengo ija ikuthawitsa tizilombo todyetsa soya..."

"Akuti ndani? A panjinga aja? Mitengo ija ndinadzala iwe ukuyamwa. Ndi mapaso a nyumba yanga amenewo. Tizilombo takoto ukatiuze tisamukire chakumtunda."

Akazi awo anaseka ali kukhitchini. Ndinangoti chabwino, ndinafunsa amalume za mwendo wawo wotupa, n'kutsanzika. Bambo a mwana anali kunyanja masiku amenewo, komabe akanakhalapo sizikanathandiza. Mkamwini salankhula za mitengo ya eni mudzi.

M'mawa mwake ndinatenga tsache ndi dengu. Mwana ndinamukhazika pa chitenje, ine n'kuyamba kusesa masamba a bulugamu m'mizere, kukataya kuseri kwa chulu. Sindinkadziwa ngati zithandiza, palibe anandiuza kutero. Pomwe ndimafika mzere womaliza, mphepo yochokera kuphiri inali itagwetsa ena kumene ndinayambira. Ndinamuyamwitsa mwana, kenako ndinabwerera ku mzere woyamba.