Neti ya Kumaso

Pa Ulongwe, ukadutsa pamene amaima maminibasi n'kulowera kumene amagulitsa chimanga, pali khonde la sitolo imene mwini wake anaitseka kalekale. Pakhondepo ndi pamene che Kulusumu amasokera. Alibe chikwangwani. Akuluakulu ena a ku ofesi anabwerapo kudzawauza kuti munthu wa bizinesi ayenera kukhala ndi chikwangwani, kenaka kunabwera ena, a ofesi yomweyo, kudzawauza kuti chikwangwani chimafuna chilolezo chakechake. Che Kulusumu anamvera achiwiriwo.

Iwo sasoka madiresi a ukwati. Madiresi akwati amakabwereka ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo amachokera kutali, kwa anthu amene nsalu imawathera akangofika pachifuwa. Mapewa pamtunda, msana pamtunda. Shehe sangalole, abusa sangalole, apongozi ndiye osanena. Ntchito ya che Kulusumu ndi yomalizitsa pamene anthu akunjawo anasiyira: amasoka velo, ndi kansalu kofunda m'mapewa kamene akwati amati kepu.

Anabadwira kufupi ndi Chiuta, m'banja la asodzi. Ali mtsikana ankathandiza bambo awo kusoka maukonde ong'ambika, ndipo zala zawo zinazolowera kugwira chinthu chimene mabowo ake ndi ambiri kuposa ulusi. Anakwatiwa ndi che Swaibu, amene posakhalitsa anapita ku Joni. Che Swaibu anatumiza makina osokera, kenaka chithunzi ataima pambali pa galimoto ya munthu wina, kenaka zii. Obwera kumeneko amati ali bwino. Che Kulusumu sanadandaulepo pagulu; ankangoti mwa amuna onse opita ku Joni, wawo yekha ndi amene anakumbukira kutumiza wolowa m'malo mwake, ndipo wolowa m'maloyo ndi wakhama.

Nsalu yopyapyala yosokera velo, ogulitsa ndi ogula omwe amangoti neti. Mlangizi wina wa zaumoyo atamva kuti pali mayi amene amadula neti masana anthu akuona, anabwera atakwiya. Ananunkhiza mpukutu wonse kufunafuna fungo la mankhwala a udzudzu, osalipeza, ndipo anachoka atawachenjeza kuti ulendo uno wawakhululukira.

Akwati ambiri obwera pakhondepo anali Asilamu anzawo, ndipo za iwowo che Kulusumu ankadziwa zonse: kuphimba ndi ulemu, ndipo munthu akamakula ulemu wake umakulanso. Akhristu ankabweranso, atsikana okhaokha, onse akufuna velo yokhala ndi neti yotsikira kumaso. Che Kulusumu ankaona kuti pamenepa zipembedzo ziwirizi zikugwirizana, ndipo sanafunsepo munthu.

Tsiku lina kunafika mayi wathupi, wa imvi m'mbali mwa duku, atakwezedwa panjinga ndi bambo wowonda.

“Odi pano, atelala.”

“Lowani mayi, ngakhale chitseko palibe.”

“Ndine Bernadetta, ndachokera mbali ya ku Balaka. Awo akupopa njingawo ndi bambo akunyumba, a Jasten. Ndikufuna velo ndi kepu. Zangazanga, osati zobwereka zonunkha mafuta a m'mutu mwa wina.”

“Mkwati mwamusiya kuti? Ndimayeza mutu wa mwini wake.”

“Mkwati ndi amene akuyankhula nanuyu.”

Che Kulusumu anangotenga tepi. Uku akuyeza, a Bernadetta anafotokoza. Iwo ndi a Jasten analowana kudzera mwa ankhoswe, kutchalitchi osapitako, ndipo mpingo wawo unawaimitsa kudya mgonero mpaka atadzadalitsa ukwatiwo. Ana anabadwa, anakula, ena n'kukwatira. Lamulungu lililonse la mgonero a Bernadetta ankakhala pabenchi yakumbuyo n'kumaonerera ana awo omwe akupita kutsogolo. Tsopano, atadikira ndi kudikiranso misonkhano ya akulu a mpingo, analoledwa. Akadalitsa ukwati Loweruka, Lamulungu lake adzadya nawo.

Velo imeneyi che Kulusumu anaisoka mofatsa. Anasankha lesi yamaluwa ang'onoang'ono, anaisokerera m'mphepete ndi manja, n'kumangirira zonse pachipeso cholowetsa m'tsitsi. Atamaliza anaiyang'ana n'kuona kuti ikuperewera. Tiatsikana tosadziwa n'komwe kusinja timayenda titaphimbidwa kumaso, ndiye mayi wa zidzukulu akalowe pagulu nkhope ili poyera? Mwina mayiwo anachita manyazi kupempha. Anadula neti ina, yofika pachifuwa, n'kuisokerera kutsogolo kwa chipeso ngati mphatso.

Pa tsiku loyesa, che Kulusumu anawaveka kepu, anawalowetsa chipeso m'tsitsi, n'kutsitsa neti ija kumaso. Kenaka anawagwirira galasi.

“Nanga ichi?” anafunsa a Bernadetta.

“Ulemu wanu umenewo, mayi. Munthu wamkulu ngati inu simungayende kumaso kuli pamtunda.”

A Bernadetta anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kutha. Anadziyang'ana nthawi yaitali kudzera m'timabowo toyera, mpaka mkono wa che Kulusumu unatopa ndi galasi. Anapinda velo ndi manja awo, anaikulunga m'chitenje, n'kumapita. Kumudzi anakaionetsa mnzawo mmodzi yekha, atamulumbiritsa kuti asauze munthu, ndipo motero nkhaniyo inafika ku komiti ya maukwati ya mpingo wawo.

Loweruka lija litayandikira, pakhondepo panafika anthu anayi. A Bernadetta anali atanyamula chitenje chija, a Jasten akukankha njinga. Patsogolo panali a Ganizani, mlembi wa mpingo, amene anapuma pa ukalaliki ku boma koma ukalaliki sunapume mwa iwo, ndi mayi wapampando wa komiti ija, wovala zoyera ndi zakuda.

A Ganizani anakana mpando. Anati abwera pa nkhani ya chovala.

“Chang'ambika?” anafunsa che Kulusumu.

“Iyayi, mayi. Chasokedwa bwino kwambiri, ndipo komiti yayamikira. Koma chili ndi mbali ina imene, malinga ndi dongosolo lathu, imaperekedwa kwa mkwati amene… tinene kuti amene mbiri yake… amene sanafike pa…”

“Amene sanagonepo ndi mwamuna,” anamaliza mayi wapampando. “Tisachedwe, a mlembi, minibasi itisiya. Che Kulusumu, neti ya kumaso ndi ya namwali. Mkwati wamwamuna amaivundukula kutsogolo kwa abusa, kusonyeza kuti akuona chimene sanachionepo. Nanga a Jastenwa pali chimene sanachione?”

A Jasten anayamba kuyang'anitsitsa belu la njinga yawo.

Che Kulusumu anachotsa phazi pachopondera cha makina. Zaka zonsezi akusokera atsikana achikhristu neti imeneyi, ankayesa akusoka ulemu, osadziwa kuti akusoka umboni.

“Kwathu timaphimba munthu amene tikumulemekeza,” anatero.

“Kwathu timaphimba amene sanaonedwe,” anayankha mayi wapampando.

“Nanga atsikana onse aja ndawasokera? Ine ndimayezatu ndi m'chiuno momwe, ndipo ena…”

“Amenewo komiti sinalandire dandaulo,” anadula a Ganizani. “Komiti imagwira ntchito ndi zooneka. Apa umboni ulipo, umadzaza benchi yathunthu Lamulungu lililonse, wina mpaka amaimba kwaya.”

Che Kulusumu anapereka nzeru yoti netiyo ingoponyedwa kumbuyo, igone pamwamba pa inzake, palibe angadziwe. A Ganizani anati zimenezo komiti inazikambirana kale. Chinthu chimene chingathe kutsika chikhoza kutsika. M'tchalitchi mwawo mawindo alibe magalasi, ndipo mphepo siidziwa dongosolo. Chigamulo chinali chakuti mbali yolakwikayo idulidwe ndi amene anaisoka, nthumwi za komiti zikuona. Kupanda apo ukwati ubwerera ku msonkhano wa akulu a mpingo, umene udzakhale anthu akakolola, ngati abusa adzakhale asanasamutsidwe.

Che Kulusumu sanadulepo chinthu chimene anamaliza kusoka, ndipo kulakwa kunali kwawo. Koma mutu sunali wawo. Anatembenukira kwa a Bernadetta.

“Mayi, ndinakulakwirani posadziwa. Inu ndiye munkadziwa. Bwanji simunandiuze tsiku lija?”

“Ndikanakuuzani mukanachotsa.”

“Ndiye lero mukuti bwanji?”

“Dulani,” anatero a Bernadetta. “Pabenchi yakumbuyo ndakhalapo mokwanira.”

Anatero pakamwa, koma manja awo sanasiye chitenje. Anayang'ana kumsewu, kumene anyamata oitanira minibasi ankalimbirana katundu wa mayi wina, n'kuyankhula ngati akuuza msewuwo.

“Ine sindinkafuna kunamiza munthu. Ndani sandidziwa? Kungoti bambo a Monicawa pamene ankadzandifunsira anandipeza ndikusenda chinangwa, thukuta lili kamukamu. Pachinkhoswe ndinali ine ndemwe wophika. Chiyambire sanavundukulepo kanthu pa ine, kupatula bulangete akafuna madzi osamba. Ndinangoti kamodzi kokha nanenso ndione mmene zimakhalira.”

Mayi wapampando anakonza duku lawo ngakhale linali bwinobwino. A Ganizani anati komiti yamva, koma maganizo a munthu payekha sali m'gulu la zinthu zimene komiti inapatsidwa mphamvu yoziona.

“Chabwino,” anatero che Kulusumu, akutenga sizasi. “Khalani apa, mayi. Velo sindidulira patebulo, imapotoka. Ndimadulira pamutu.”

Anakhazika a Bernadetta pampando umene a Ganizani anaukana. Anawaveka kepu, anailinganiza m'mapewa, analowetsa chipeso, n'kutsitsa neti kumaso mpaka pachifuwa. Anaisalaza ndi chikhatho, anabwerera m'mbuyo kuiyang'ana, anabweranso kudzakonza ngodya imodzi. Amayi ogulitsa tomato tsidya lina la msewu anasiya kuitanira malonda.

“Tsopano manja anga ndi awiri okha, limodzi la sizasi, lina la chipeso. Pafunika wina wondikwezera netiyi kuti ndione podula. Bambo, taimikani njingayo.”

“Ine?”

“Nanga ndiitane a mlembi?”

A Jasten anatsamiritsa njinga pachipilala. Anayang'ana manja awo, akuda ndi mafuta a tcheni, n'kuwapukuta pathalauza, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. A Ganizani ankasinkhasinkha ngati khonde la Msilamu, pakati pa sabata, popanda abusa, lili m'dera la komiti, ndipo anapeza kuti dongosolo silinenapo kanthu.

A Jasten anawerama. Anagwira m'mphepete mwa lesi ndi nsonga za zala, ngati munthu wochotsa chivindikiro chotentha, n'kukweza pang'onopang'ono. Chibwano chinatuluka, kenaka pakamwa, kenaka maso. Anaima choncho, mikono ili m'mwamba.

“Aa,” anatero. “Kodi ndinu, mayi a Monica?”

“Mumayembekezera ndani, nkhalamba inu?”

Tsidya lija mayi wina wa tomato analulutira, anzake n'kulandira. Woitanira minibasi wina anaimba mluzu, dalaivala wake osadziwa n'komwe chimene chikuchitika n'kuwonjezera hutala. Mayi wapampando nawo anatsala pang'ono kululutira, koma anakumbukira udindo wawo.

“Musasunthe, bambo,” anatero che Kulusumu.

Sizasi inayenda m'mphepete mwa chipeso, kuchokera kukhutu lina mpaka kukhutu linzake. Neti inatsala m'manja mwa a Jasten. Che Kulusumu anasokerera timaulusi totsalira, n'kupempha nthumwi kuti ziyendere ntchito. A Ganizani anazungulira mpando, anasuzumira pamwamba pa mutu wa mkwati, n'kulengeza kuti chovalacho tsopano chikugwirizana ndi dongosolo ndipo ukwati ulipo Loweruka monga analengezera. Kenaka anatambasula dzanja kwa a Jasten, nati mbali yodulidwayo ipite nawo kuti komiti yonse ikaone.

“Iyayi, a mlembi,” anatero a Jasten, akuipinda mosadziwa kupinda. “Komiti ikaone pamene tadulapo. Ichi ndavundukula ndine.”

Anaikankhira m'thumba la malaya, lesi ikusuzumira kunja, n'kupita kukatenga njinga.

Che Kulusumu ku ukwatiko sanapite. Linali tsiku la akwati ena oyesa makepu. Anamva kwa amayi a tomato kuti a Bernadetta analowa m'tchalitchi nkhope ili poyera, velo ikukokoka kumbuyo, zidzukulu zitaigwirira, ndi kuti m'mawa mwake, nthawi ya mgonero itakwana, ananyamuka pabenchi yakumbuyo wina aliyense asanaimirire.