Thabwa pamutu, Esinati m'mbuyo

Usiku watha ndinalota ndikukwera phiri la Mulanje thabwa lili pamutu. Ine si munthu wofotokoza maloto. Awa okha andikhala pakhosi, ndiye ndikulembera inu amuna anzanga amene tinkasenza limodzi matabwa a mkungudza tili anyamata.

Ndiyambe ndi za masana kuti mumve bwino. Loweruka likubwerali gulu la kumpingo kwathu likukwera phiri. Ambiri ndi amayi a kwaya, kuphatikizapo aphunzitsi awiri, anthu obadwira m'tsinde mwa phirili koma sanalipondepo. Akagona kamodzi m'nyumba ya alendo ya pamwamba n'kutsika. Njira yake ndi ya ana. Wotsogolera ndi mayi wachitsikana, Nambewe, amene ntchito yake ndi yoperekeza alendo kuphiri. Ine ndinalembetsa. Mwana wanga Esinati, telala uja wa ana atatu, ankakana. Ali ndi mphumu chiyambire ubwana. Ndinamuuza kuti magazi anga salephera phiri. Analembetsa.

Lamulungu lapitali Nambewe anatisonkhanitsa titatuluka m'tchalitchi. Anati aliyense akhale ndi jekete, madzi akumwa, ndi nsapato zimene phazi linazizolowera. Anati pamwamba munthu amabanika msanga, choncho woyenda pang'onopang'ono ndiye adzakhale patsogolo. Ndinaseka. Kenako anafunsa ngati pali wina wodwala chifuwa kapena mtima. Esinati anayang'ana ine. Ine ndinamuyang'ananso. Anaweramitsa mutu, dzanja sanakweze.

Tsopano malotowo.

Tinali pabwalo la tchalitchi dzuwa lili pamutu, zikwama zitayalidwa pamphasa ngati malonda. Nambewe ankatsegula chimodzichimodzi. M'chikwama cha mayi wina munali mbatata yootcha ndi tochi. M'cha mphunzitsi munali choko yekhayekha. Atafika pa changa anapeza nkhata basi, nkhata yanga yakale ya nsanza za chiguduli, yonyowa thukuta ngati ndangoitula kumene.

"Agogo, nsapato zili kuti?"

"Phirili limandidziwira kuzidendene," ndinatero.

Nambewe analemba kanthu m'kabuku kake.

Ndiye Esinati anabwera n'kundipatsa kampope kake, kaja amapopera m'kamwa chifuwa chikatseka. Anati, "Ababa, diresi langa lilibe thumba. Mundisungire." Ndinakaika m'thumba la malaya, la pamtima.

Kenako mabenchi a m'tchalitchi anali panja, ndipo sanalinso mabenchi. Anali matabwa aawisi a mkungudza, fungo lake lija lolowa mpaka m'mano. Pambali pake panaima Namakhwa. Mukumukumbukira Namakhwa wa dzino lothyoka, amene tinamuika m'manda kalekale. Anali mnyamata, atavala kabudula wake yemwe uja wa chigamba. Sindinadabwe.

"Iwe Jailosi, koma ndiye wakalambatu. Ungalithe ili?"

"Ndisenzetse," ndinatero.

Anandisenzetsa lalitali kuposa onse. Ndinamuuza kuti matabwa amatsika phiri, sakwera. Anati lero akwera, mwini wake akuwafuna. Ndinafunsa kuti mwini wake ndani. Anali atachoka kale.

Ndiye tinali m'njira. Sindikudziwa kuti tinafikamo bwanji. Minda ya tiyi inali pansi kutali, yaing'ono ngati mipango yoyanika. Ine ndinali patsogolo. Nambewe anafuula kuti ndidikire, ine ndinapitirira. Mukudziwa nokha kuti thabwa ukaima nalo limalemera kawiri. Miyendo inali yanga yakale ija. Bondo limene limandivutali linali zii. Ndisaname, ndinakondwa. Amayi ankaimba m'mbuyomo, ine n'kumaponda motsata nyimbo, zala zakuphazi zikugwira miyala ngati sizinaiwalepo.

Kenako kunagwa chiperoni, nkhungu yozizira ija. Sichinabwere pang'onopang'ono, chinangotivindikira. Nyimbo inayamba kuthothoka, mawu amodzi kusiya, ena kusiya, mpaka panatsala munthu mmodzi. Ameneyo sankaimba. Kanali kamluzu ka m'chifuwa, fwii, fwii, ngati mwana wa mphaka wotsekeredwa m'dengu. Kamluzu kameneko ndinakamva koyamba Esinati ali ndi zaka zinayi, nditamubereka kumsana kuthamangira kuchipatala. Ndingakazindikire ngakhale pamsika.

Njira inali itachepa. Kudzanja lamanja thanthwe loterera, kumanzere phompho. Thabwa linali litatalika, nsonga yake yakutsogolo osaonekanso m'nkhungumo.

Inu mukudziwa, koma mwina ana anu akuwerengerani kalatayi, ndiye amve. Wosenza thabwa satembenuka. Ukapotoza khosi thabwa limapotoka nawe, mchira wake n'kusesa amene ali m'mbuyo. Ukaliponya pamtsetse limatsetsereka n'kukathyola miyendo ya anzako. Ine ndinasenza zaka khumi ndi zinayi. Sindinagwetsepo ngakhale limodzi.

"Ababa."

"Yenda," ndinatero. "Patsala pang'ono."

"Ababa, kampope."

Kanali m'thumba mwanga. Ndinkakamva kakundigunda pachifuwa ndikaponda. Manja onse awiri anali pa thabwa.

Ndiye ndinamva mawu a Nambewe pafupi ndi khutu langa, ngakhale iye anali kumapeto kwenikweni kwa mzere. Anati, "Agogo, Lamulungu ndinafunsa. Palibe amene anakweza dzanja." Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanamuyankha.

Ndinaitana Namakhwa kuti adzanditule. Anali atakhala pamwamba pa thabwa langa lomwelo, kutsogolo, miyendo ikulendewera, akudya nzimbe.

"Ife sititula panjira," anatero. "Unkanena ndiwe."

Zoona, ndinkanena ndine. Tsiku lina phazi lake litang'ambika ndi mwala anandipempha kuti ndimudikire. Ndinamusiya. Anafika pansi dzuwa litalowa, akutsimphina, thabwa lili pamutu. Sitinakambiranepo za tsikulo mpaka anamwalira.

Kenako pakati panjira panali makina osokera a Esinati. Ankadzipalasa okha pathanthwe, singano ikukwera ndi kutsika, nsalu palibe. Ndinawalumpha. Nditalumpha ndinazindikira kuti amene ali m'mbuyo sangalumphe, alibe mphamvu. Ndinafuna kuwakankhira kuphompho ndi phazi, koma ndinali nditawapitirira, ndipo wosenza thabwa sabwerera chambuyo.

Kamluzu kanayamba kutalikirana. Fwii. Ndiye chete. Ndinawerenga mapazi anga, asanu, asanu ndi limodzi. Fwii. Ndinafuula kuti wina amugwire mkono. Amayi a kwaya aja ndinawaona ali kutsidya la chigwa, atakhala pamabenchi m'mizere, atavala zoyera, akundiyang'ana. Mmodzi anatsegula buku la nyimbo. Ndinadziwa nyimbo imene ankafuna kuyambitsa. Ndinawauza kuti atseke bukulo, palibe wamwalira pano.

Kenako kamluzu kanasiyiratu.

Ndinachotsa dzanja lamanja pa thabwa. Nthawi yomweyo linapendekera kumbuyo, Namakhwa n'kukwezeka m'mwamba akuseka. Ndinapisa m'thumba. Thumba linali losokedwa. Ulusi wake wabwino, wothinana, kasokedwe ka Esinati yemwe. Ndinakanda ndi zikhadabo. Ndinakoka. Nkhata inayamba kuterereka pamutu. Ndinamva thabwa likuchoka, likukhula tsitsi, likupita kumene Esinati anali. Ndinafuna kukuwa kuti "Thabwa!" monga tinkachenjezera anzathu a m'munsi, mawu osatuluka.

Ndiye ndinatembenuka.

Khosi linazungulira bwinobwino. Ndinaona nkhungu. Ndinaona nsonga ya mpango wake wofiira. Ndisanaone ngati waima kapena wagwa, ndinadzidzimuka. Ndinali chikhalire pamphasa, malaya ogonera atang'ambika pachifuwa, kunja kutayera kale.

M'mawa uno ndinadzera pakhonde pamene Esinati amasokera. Ndinamupeza akulimbitsa lamba wa chikwama chake chaulendo. Nsapato zatsopano anali atavala, akuti akuzizoloweretsa monga ananenera Nambewe. Anandipatsa moni atagwada, kenako anati, "Ababa, musade nkhawa. Sindikakuchititsani manyazi." Ndinati chabwino. Ndinaima pang'ono kumvetsera kapumidwe kake. Makina ankasokosa, sindinamve kanthu. Ndinapitirira.

Kwa Nambewe ndikudziwako. Ndi kuseri kwa chigayo. Ndafika kawiri lero pachigayopo n'kubwerera. Ine sindinaimepo pamaso pa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wanga n'kunena kuti ndinabisa. Ndikanena, mwina amuchotsa Esinati paulendo, anthu onse n'kudziwa chifukwa chake. Mwina amuika patsogolo, ine n'kukhala kumchira ngati mbuzi yodwala. Ndikapanda kunena, tikwera monga tinapanganira.

Ndiye inu amene mumadziwa maloto, ndimasulireni. Namakhwa anabwera kudzatenga ndani, ine kapena mwana wanga? Kapena anangobwera kudzandikumbutsa phazi lake? Thabwa lokwera phiri m'malo motsika limatanthauza chiyani? Musandiuze kuti ndinakhuta kwambiri madzulo, ndinagona ndi tiyi yekha. Musandiuzenso kuti ndakalamba, zimenezo ndikuzidziwa kale.

Lero ndi Lachinayi. Wodziwa andiyankhe mawa dzuwa lisanalowe. Chimene ndikufuna kumva kwenikweni ndi chimodzi: kodi ndinatembenuka nthawi ikadalipo, kapena thabwa linali litamufika kale?