Chala Chokhota cha Delbert

Delbert Hoffarth ndi mlimi wa tirigu ku North Dakota, m'dziko la America, munthu woti amadziwa matenda a thirakitala pongoimva kulira. Koma ake enieni anawabisa chaka chathunthu. Mphamvu za kuchipinda zinamuthera, ndipo m'malo mouza mkazi wake Marlys, ankangonamizira tulo pampando wa pabalaza. Marlys anayamba kuwonda ndi maganizo.

Tsiku limene dokotala anamulembera mapilisi, Delbert anatuluka akuimba mluzu ngati kamnyamata. Vuto linali pokagula. Wogulitsa mankhwala m'tauni mwathu ndi mng'ono wake wa Marlys, ndiye bambo wamkulu akayambira pati? Anabwereka galimoto ya mnzake, navala chipewa ndi magalasi akuda, ulendo wa ku tauni ina yakutali.

Anaiwala chimodzi. Kwathu kuno ukakumana ndi galimoto pamsewu, umadzutsa chala pachiwongolero, ndiwo moni. Ndipo chala cha Delbert aliyense amachidziwa, n'chokhota, makina omangira udzu anachiphwanya kalekale. Munthu wobisala uja, chimwemwe chitamukwera, anapatsa moni galimoto iliyonse, popita ndi pobwera pomwe!

Masana anapeza Marlys ali chilili pakhonde, maso ali psuu.

"Foni sinapume chichokereni iwe. Akuti wavala magalasi ngati mbava. Ndani mkaziyo, Delbert?"

"Mkazi wanji?"

"Amene wakulanda kwa ine. Chaka chonse sundikhudza. Ngati ndakalamba, ungondiuza."

Delbert anagwidwa ndi chisoni, poti sankadziwa kuti manyazi akewo ankapweteka munthu wina. Anapisa m'thumba, n'kumupatsa kabotolo ka mapilisi aja.

Marlys anawerenga, n'kuwerenganso. Kenako anaphulika nako kuseka mpaka kukhala pansi pamasitepe, misozi ili chuchuchu.

"Chitsiru iwe! Ine kulira chaka chonse, kukonzetsa tsitsi, kugula madiresi, kumayesa wanditaya!"

"Ndimachita manyazi, Marlys."

"Manyazi, koma moni wokha dziko lonse lalandira! Akuti mapilisiwa amayamba kugwira ntchito pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Ngati ola limodzi. Komatu ndiyenera kukaona mpanda wa ng'ombe..."

"Ng'ombe zidikire. Ine ndadikira mokwanira. Imwa."

M'nyumba foni inayambanso kulira. Marlys analowa, n'kuizula pakhoma.