Thumba Lachikasu la ku Zekreet

Ntchito yanga chaka chimenecho inali yokweza ndi kutsitsa chitsulo cha pageti. Galimoto yabwera, ndikweze, yadutsa, nditsitse. Tsiku lonse, pakhomo pa nyumba ina yosanja ku Pearl, dera la olemera mu Doha, nditavala yunifomu yakuda ngati wopita kumaliro. Kanyumba ka mlonda kanalipo, koma kanali kagalasi, ndipo makina oziziritsa a m'menemo anafa kalekale. Amene sanalawepo dzuwa la ku Doha la mu Julayi asandiuze za kutentha kwa ku Nsanje. Chaka choyamba ndinakomoka kawiri pagetipo, ndipo kachiwiriko ndinadzuka dzino lakutsogolo litabenthuka.

Ndiye Malichi atafika, mphepo ikadali yabwino, mutu wanga unali pa chinthu chimodzi: ndichoke pageti dzuwa lisanabwerere, ndilowe mkati, pa risepishoni, pomwe mlonda amakhala pampando mpaka kuvala jekete chifukwa cha kuzizira. Malo analipo, poti mnyamata wa ku Nepal yemwe ankakhalapo ankabwerera kwawo. Mapepala ndinalibe. Sukulu ndinaisiyira Folomu 3, ndipo supavaiza wathu ankakonda kundikumbutsa. Mfundo yanga inali imodzi yokha: thupi langa silipirira dzuwa, umboni wake ndi dzinoli.

M'nyumbamo munali mzungu wina wandevu, wapampando wa komiti ya okhalamo. Akayankhula iyeyo, kampani yathu inkamva. Tsiku lina anatsitsa galasi la galimoto n'kundifunsa kwathu. Ndinati ku Mulanje. Anati anamva kuti kuli phiri. Pamenepo ndikanangoti inde n'kukweza chitsulo. Koma pakamwa panga panandiyabwa, ndinamuuza kuti nditasiya sukulu ndinkanyamulira alendo zikwama kukwera phirilo. Sindinamuuze kuti ntchitoyo ndinaisiya nditalumbira kuti msana wanga sudzasenzanso katundu wa munthu woyenda manja ali m'thumba.

Patapita masiku atatu anandiitana. Anati Lachisanu akupita kukayenda m'chigwembe cha m'chipululu cha ku Zekreet, akagona komweko, abwerera Loweruka. Anati ndibwere ngati mnzawo.

Ku Muntazah, dera lina la mu Doha komwe ndinkakhala, ndinkagona chipinda chimodzi ndi anthu asanu. Wamkulu pa tonse anali dalaivala wa ku Machinga, Msilamu wa imvi m'ndevu, yemwe tonse tinkamutcha ankolo. Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mphwanga, wasinthana shifiti, wataya ofu yako, kuti ukayende pansi? Kwanu sunayende mokwanira?"

"Ankolo, munthuyu ndi wa komiti. Akanena mawu amodzi, ndalowa mkati."

"Wakuitana ngati ndani?"

"Ngati mnzake."

"Ehe. Ine ndayendetsa mabwana zaka zambiri. Akati dalaivala, ndimadziwa nthawi yowerukira. Akati mnzanga, ndimayamba ndafunsa kuti katunduyo ali kuti. Pita, inshaallah ukabwerako ndi msana."

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Tinali anayi: bwana wandevuyo, mkazi wake, mnzawo wina dokotala wa mano, ndi ine. Dokotalayo anayang'ana dzino langa kawiri m'galimoto. Tinasiya tala, tinagwedezeka m'miyala, kenako tinaima pamalo opanda ngakhale mtengo. Anatsitsa zikwama zinayi. Zitatu zinali zooneka bwino. Chachinayi chinali ngati thumba la makala, ndipo munali madzi a anthu onse.

"Katswiri wathu ndi iwe," anatero bwana, akundimanga malamba pamimba ngati akumanga ng'ombe pangolo.

Chigwembe chomwe ankachitama njira yonse, kwathu tikanangoti ndi khwawa louma. Makoma a miyala yoyera mbali zonse, ena mphepo inawadya m'munsi mpaka kuoneka ngati bowa. Sindinama, nditayang'ana koyamba ndinaima pang'ono. Mvula ya mu Januwale inali itasiya timaluwa tachikasu ndi tofiirira m'ming'alu, tating'ono ngati mabatani a shati. Mayi aja ankagwada pa kalikonse n'kukajambula. Ine ndinkaima pambuyo pawo, madzi akundikhuvukira pamsana, ndikuganiza kuti mbuzi ya kwathu sikanataya nthawi pa tizinthu totere.

Komanso malowo sanali oyera ngati pa zithunzi. Paliponse pomwe galimoto ingafike, anthu odzawotcha nyama anali atasiya zawo: mabotolo, makala, mafupa a nkhosa, thewera la mwana litauma gwa. Bwana ankapukusa mutu, kutola ndi zala ziwiri, n'kuponya m'kathumba ka pambali pa chikwama changa. Osati chake. Anandiuza lamulo la gulu lawo: chilichonse chomwe wabwera nacho m'chipululu, ubwerere nacho. Ndinavomereza. Ndinkaganiza kuti akunena mabotolo.

Madzulo tisanadye anatigawira timajumbo tasiliva, kalikonse kali ndi ufa woyera mkati ndi zipi pakamwa. Ndinafunsa ngati unali mkaka. Dokotala anaseka. Bwana anandifotokozera mofatsa, ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Anati m'chipululu mulibe chinyezi, chimbudzi sichiwola, chimakhala zaka. Choncho munthu akafuna kudzithandiza achitire m'kajumbomo, atseke zipi, abwerere nako ku Doha.

Ndinayang'ana pansi. Pomwe tinakhalapo panali ndowe za ngamila, mbwee paliponse.

"Nanga izi?" ndinafunsa.

"Izo ndi zachilengedwe," anatero.

Kajumbo kanga ndinakapinda n'kukaika m'thumba. Kutacha ndinapita patali, ndinakumba ndi mwala, ndinakwirira bwinobwino monga amachitira munthu aliyense woleredwa. Pobwerera ndinakumana nawo mmodzimmodzi akutuluka kuseri kwa miyala, aliyense atanyamula kajumbo kake patsogolo ngati akupita kukapereka chopereka kutchalitchi. Anthu ophunzira, a madigiri. Timajumbo tonse titatu anatiika m'thumba lina lachikasu, lolimba, lokhala ndi ngowe.

Thumbalo linakhala pakati pathu ngati mwana wamasiye. Dokotala anayamba kusisita msana wake. Mayi aja anapeza duwa lina loti ajambule. Bwana ananyamula chikwama changa n'kuchiyesa kulemera.

"Nthawi zonse timachita maere," anatero. "Koma taona, madzi tamwa, chako chapepuka kuposa zathu zonse. Chilungamo chake n'chimenecho, si choncho, mnzanga?"

Ku Mulanje mlendo akananena zimenezo, chikwama chake chikanatsika phiri chokha, chikugubuduka. Kumeneko ntchito inkatchedwa ntchito, ndipo munthu unkatha kukana. Ndinatsegula pakamwa. Lilime langa linakhudza dzino lobenthuka lija. Ndinaona kanyumba kagalasi, phula likusungunuka pansi pa nsapato, ndi mpando wa pa risepishoni. Ndinatseka pakamwa, ndinatembenuka, ndinamupatsa msana. Ndinamva ngowe ikuti khethe.

Tinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Thumbalo linkalendewera ndipo sitepe iliyonse linkandimenya m'matako, phwa, phwa, ngati likundikumbutsa. Poyamba silinkanunkha. Koma dzuwa la mu Malichi likafika pamutu silisewera, ndipo makoma oyerawo ankalibweza ngati malata. Zipi ya kajumbo kena iyenera kuti sinatsekeke bwino. Ndikukayikira dokotala. Fungo linayamba pang'onopang'ono, la nyemba za m'chitini zomwe tinadya madzulo, losakanikirana ndi kafungo ka maluwa ka ufa woyera uja, ndipo kafungo ka maluwako ndi komwe kankandidula mtima. Ntchentche sindikudziwa zinachokera kuti m'dziko lopanda madzi, koma zinabwera ndi abale awo. Zinkachoka pa thumba n'kudzatera pamilomo panga.

Bwana anandipempha kuti ndizikhala kumbuyo, ati kuti ndizionetsetsa kuti wina asasochere. Anthu atatu, m'khwawa la njira imodzi. Mphepo ikatembenuka, ankawonjezera liwiro.

Chigwembe chitatseguka tinakumana ndi m'busa wa ngamila, bambo wa ku Sudan, atakulunga nsalu kumutu. Azungu aja anamupatsa moni n'kudutsa. Ine nditafika pafupi anakwinya mphuno.

"Shinu hada, habibi?" anafunsa, akuloza thumba. Ankafuna kudziwa kuti munali chiyani.

Chiarabu changa ndi cha pageti. Ndinaloza atatu aja, ndinanjuta pang'ono, ndinaloza thumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti aseka, ndipo bola akanaseka. Sanaseke. Anatsegula botolo lake, anandithirira madzi m'manja kuti ndisambe kumaso, akung'ung'udza mawu omwe sindinawamve. Pambuyo pake ngamila ina inakweza mchira n'kugwetsa zake pamchenga, osafunsa za kajumbo.

Tisanafike pa galimoto anafuna chithunzi cha gulu. Anandiika pakati, bwana atandikoleka dzanja paphewa, atagwira mpweya. Mayi aja anandipempha kuti ndipendeke pang'ono kuti chachikasucho chisaoneke. Pamenepo ndinaona kuti mtengo ndalipira kale, ndiye ndinanena. Ndinamuuza bwana za malo a pa risepishoni, kuti ndikuwafuna.

"Usadandaule," anatero. "Ndilemba kalata mawa lomwe."

M'galimoto thumbalo linakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mpando wanga. Pamalo othirira mafuta ndine ndinatsika kukaliponya m'bini. Manyi a anthu atatu anayenda ulendo wonsewo pamsana panga ndi pa galimoto yodula kuti akathere m'bini ya m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi makapu a tiyi.

Ku Muntazah ankolo anandimva fungo ndisanavule nsapato.

"Ima pomwepo! Waponda chiyani?"

Ndinawafotokozera nditaima pakhomo. Anyamata enawo anagubuduka pamabedi. Mmodzi anati kuyambira lero ndine nduna yoona za ukhondo. Ankolo sanaseke poyamba. Anapinda mkeka wawo wopempherera, anauika pamwamba pa kabati, n'kundiponyera sopo wochapira.

"Ukasambe katatu, ndipo shatiyo isalowe muno. Mphwanga, ine ndatsukapo masanzi a ana a mabwana m'galimoto, koma izi? Ndipo wasenza pa ofu?"

"Kalata alemba, ankolo."

"Alembe yaitali. Ifike pomwe linafika fungo."

Kalata analembadi. Patatha sabata supavaiza anandiitana mu ofesi yake, yozizira ngati filiji, n'kundiwerengera mokweza. Bwana sanandinamize. Analemba kuti ndine woyenera pa risepishoni. Koma anafuna kukometsa. Analemba kuti ndinayenda masiku awiri m'chipululu nditasenza katundu wolemera kuposa wa aliyense, dzuwa likuswa mtengo, osadandaula ngakhale kamodzi. Anati sanaonepo munthu wopirira kutentha ngati ine, ndipo palibe ntchito yomwe ndingaikane.

Supavaiza anaika kalatayo patebulo n'kumwetulira.

"Iwe si unkati dzuwa limakugwetsa?"

"Limandigwetsa, bwana. Onani dzinoli."

"Apa alemba zina. Ndipo walemba ndi wapampando, ine ndingatsutse? Munthu wotere ndimuike pampando, pageti ndiikepo ndani? Khalasi, nkhani yatha. Yala, tiye, bwerera kuntchito."

Malo aja anapatsa mnyamata wina yemwe anakomokapo katatu.

Julayi anabwera monga amabwerera. Ndinkanyowetsa kansalu n'kukaika m'chipewa, kankauma ndisanakweze chitsulo kasanu. Ndinagwanso kamodzi, koma ndinali nditaphunzira kugwera cham'mbali. Masana ena galimoto ya bwana inaima pageti, galasi linatsika, ndipo kamphepo kozizira ka mkatimo kanandimenya kumaso.

"Mnzanga! Ndamva kuti sizinatheke, pepa kwambiri. Koma tamvera, kukazizira tikupitanso. Anzathu awiri awonjezeka. Ndawauza kale za iwe."

Ndinawerama mpaka nkhope yanga inafika pa galasi, kuti ndipumeko mpweya wakewo. Ndinamuuza m'Chingerezi chomveka bwino, cha Folomu 3, kuti sindine mnzake, ndine mlonda wa pageti, ndipo manyi ake azisenza yekha.

Sanakalipe. Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala mwangozi. Kenako anakweza galasi, chifukwa kuzizira kunkathawa. Ine ndinakweza chitsulo.