Tsiku limene ndinagulitsa wezulo ya bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachita malonda anga oyamba, ndipo katundu wake anali bambo anga.

Tinkakhala ku Thamesmead, kudziko la azungu, m'fulati ya pamwamba momwe mphepo ya kumtsinje inkalowa ngakhale titatseka mazenera. Mnzanga ndinalibe. Loweruka lililonse ndinkaima kuseri kwa mpanda wa waya, manja m'thumba, kuonerera anyamata a m'dera lathu akumenya mpira.

Nditamva kuti woimbira mpira wawo wasiya, ndinapita kwa kaputeni, mnyamata wamtali dzina lake Darren. Ndinamuuza kuti bambo anga ndi refu weniweni, ndipo akandilowetsa m'timu, wezulo izilira mowakomera. Tinagwirana chanza. Anandipatsa jezi yofika m'mawondo.

Bambo anavomera mokondwa kukaimbira mpirawo, osadziwa kuti agulitsidwa. Kumudzi anali mlembi wa ligi ya chigawo, koma kuno ankatsuka mabasi. Anatulutsa wezulo yawo yachitsulo m'sutikesi n'kuipukuta ndi mpango.

Masewero ali pafupi kutha, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, Darren anadzigwetsa m'bokosi popanda womukhudza, n'kundiyang'ana. Ndinathamangira kwa bambo.

"Bambo, imbani penate. Ndinawalonjeza."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anakupiza dzanja kuti mpira upitirire. Utatha, anyamata aja anandivula jezi pabwalo pomwepo.

Podikira basi, ndikunjenjemera ndi kuzizira, bambo anandifunditsa jekete lawo lonunkha sopo wa kugaraja.

"Iwe, ukudziwa chimene tinathawira kwathu?"

"Ndale."

"Mpira. Timu ya bwana wina wa nyenyezi pamapewa inagonja. Uthenga unabwera kuofesi kuti ndilembe zoti masewero sanathe, abwerezedwe. Ine ndinalemba zimene zinachitika. Sabata yomweyo ndinasanduka woukira boma, anzanga a mukomiti akandiona n'kumawoloka msewu." Anandimangira mabatani a jekete. "Bwana uja anatumiza galimoto ya asilikali. Sindinkadziwa kuti wachiwiri wofuna kuti ndichite chinyengo adzachokera m'nyumba mwanga."

Ndinabwerera kuseri kwa waya, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkawayankha bambo m'Chingerezi basi, kuti amve kuwawa. Anyamata aja sanawaitanenso. Loweruka bambo ankakhala pazenera, ine pampanda, tonse tikuonera mpira womwewo.

Lero ndimagulitsa masutikesi pamsika wa Woolwich. Pa mtengo ndine chilombo, ndinakanganapo ndi sisitere chifukwa cha zipi. Koma wezulo ija ili m'thumba la epuloni yanga kuyambira tsiku limene tinaika bambo m'manda. Kale ndinkati bambo sankadziwa kuwawa kokhala wekha, n'chifukwa chake anandimana penate. Tsopano ndikuona kuti pabwalo lonse lija, iwo okha ndi amene ankadziwa bwino kuwawako, ndipo sanaimbebe.